Safunsa Adadya Phula: Za Mphunzitsi Wamkulu Amene Adasokoneza Lachitatu ndi Lachisanu

Akuluakulu akale adati safunsa adadya phula. Pomasulira mwambiwu, ena amasimba za mlendo amene adapatsidwa uchi uli m'zisa zake. Iye, poopa kuoneka mbuli pamaso pa eni mudzi, sadafunse kadyedwe kake, ndipo adatafuna ndi kumeza phula limene anzake ankalavula. Kawirikawiri mwambiwu amalangizira ana ndi achinyamata ongoyamba kumene ntchito. Komatu ulinso ndi mawu kwa munthu wamkulu, wa imvi ndi udindo, amene makutu ake ayamba kufooka iye akadali pantchito. Nkhani ili m'munsiyi ndi ya munthu wotere. Dzina lake silitchulidwa, pakuti akadali moyo, ndipo phula limene adameza likumuvutabe m'mimba mpaka lero.

Nkhaniyo isanayambe, ndi bwino kuyang'ana kaye liwu lakuti kumva. M'Chichewa munthu amamva mawu, amamva njala, amamva fungo la ndiwo zopserera, amamva chisoni pamaliro, amamvanso Chingerezi ngati adapita kusukulu. Mwana waulemu amati ndi wakumva, ndipo wamwano amati ndi wosamva. Mwambi wina umati samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo apa akunena za munthu wouma mtima. Chovuta n'chakuti liwu lomweli lakuti wosamva ndi limene amatchulira munthu amene makutu ake adafa. Motero chilema ndi mwano zimagona m'nyumba imodzi. Wantchito akaitanidwa kawiri ndi kapitao koma osatembenuka, palibe amene amaganiza za khutu. Amangoti ndi wamakani. Liwu linalo, lakuti gonthi, ana amatukwanirana posewera. Ndani tsono angaimirire pakati pa anzake n'kuvomera kuti iye ndi mmodzi wa anthu amenewa?

Mphunzitsi wamkulu wa m'nkhaniyi adaphunzira ntchito yake ku koleji ya aphunzitsi m'zaka za m'ma 1970. Adaphunzitsa m'sukulu zingapo za m'chigawo chapakati asanapatsidwe sukulu yoti aziyang'anira m'zidikha za Kasungu, pakati pa mitsinje ya Bua ndi Dwangwa. Amene adadutsako pa msewu wa M1 m'mwezi wa Febuluwale akudziwa maonekedwe a dzikolo: phiri la Kasungu lili njo pakati pa chidikha, minda ya fodya ili biriwiri mbali zonse, zigafa zaudzu zitandanda, ndipo mabalani a njerwa akufuka utsi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 maesiteti adachuluka kwambiri m'bomali, ndipo ntchito yambiri ya fodya wa bale inkagwiridwa ndi matenanti. Ambiri a iwo ankachokera kum'mwera, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Zomba ndi ku Machinga, kumene malo olima adachepa kale. Ankabwera pa malole ndi mabanja awo nyengo ya nazale, n'kumalandira chimanga pangongole kwa mwini esiteti. Fodya akathyoledwa, kusokedwa, kuumitsidwa pa mikangala, kusankhidwa ndi kudindidwa m'mabelo, ankadikira malipiro. Ngongole ikadulidwa, ena ankatsala kuti alimenso, ena ankakwezedwa pa lole kubwerera kwawo. Ana ambiri a m'kaundula wa sukulu ija adali ana a matenanti amenewa.

Makutu a mphunzitsiyu sadafe tsiku limodzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adadwala chifuwa chachikulu. Masiku amenewo odwala nthendayi ankagonekedwa m'chipatala n'kumabayidwa jakisoni wa streptomycin tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri. Mankhwalawo adapulumutsa moyo wake, koma ndi odziwika kuti mwa anthu ena amawononga khutu lam'kati. Pambuyo pake adadwalanso malungo aakulu kawiri, nalandira kwinini. Aliyense amene adalawapo kwinini amakumbukira nyenje zolira m'makutu usana ndi usiku. Kwa anthu ambiri nyenjezo zimaleka mankhwala akatha. Kwa iye sizidaleke.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 15,000 khutu lililonse. Timeneti ndi timene timalandira kunjenjemera kwa mawu n'kutumiza uthenga ku ubongo. Tikafa chifukwa cha mankhwala ena, phokoso kapena ukalamba, sitimeranso. Madzi akatayika saoleka. Toyamba kufa kawirikawiri ndi timene timamva mawu opyapyala, monga a malembo s, t, f ndi ts. Malembo a liwu, a, e, i, o, u, amatsala akumvekabe bwino. N'chifukwa chake munthu wotere amamva kuti wina akulankhula, amazindikira ngakhale mwini mawuwo, koma chimene chanenedwa chimamufika chili chobooka ngati thumba lodyedwa ndi makoswe. Nthawi zina amalumikiza bwino zidutswazo, nthawi zina ayi, ndipo anthu amayamba kunena kuti mkulu uja amamva akafuna.

Woyamba kuzindikira adali mkazi wake. Tsiku lina madzulo, nkhani zikuwerengedwa pa wailesi ya MBC, mayiwo adaima pakhomo nati, "Abambo, wailesi yanuyi akuimvera mudzi wachiwiri. Makutu anuwa mukawaonetse kuchipatala." Iye adayankha kuti owerenga nkhani amasiku ano ndiwo amalankhulira m'mano. Chaka chidatha, china chidabwera. Zengelezu adalinda kwawukwawu.

M'malo mopita kukafunsa, adaphunzira nzeru zobisira. Adazolowera kugwedeza mutu ndi kunena kuti "eya, chabwino" pa chilichonse. Anthu akaseka, iyenso ankaseka. Pamsonkhano wa aphunzitsi ankalankhula yekha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, pakuti wolankhula safunika kumva. Aphunzitsi ake, amene kale ankamudziwa ngati munthu wofatsa ndi womvetsera, adayamba kunong'onezana kuti udindo wamulowa m'mutu. Madzulo ankafika kunyumba ali wotopa ngati wolima mizere tsiku lonse, chifukwa kulumikiza zidutswa za mawu kuyambira m'mawa ndi ntchito yolemetsa ubongo.

Mu 1994 boma latsopano lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana olembetsa m'dziko lonse adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Pasukulu ija makalasi adasefukira, ena n'kumaphunzira pansi pa mitengo kuseli kwa ofesi, akubwereza matebulo mofuula. Kwa ana a matenanti udali mwayi waukulu. Kwa makutu a mphunzitsi wamkulu lidali tsoka, pakuti khutu lofooka limalephera kusankha liwu limodzi pakati pa phokoso.

Padalinso china chimene chinkamupweteka, ndicho ulemu weniweniwo. Mwambo wa Achewa, ngakhalenso wa mitundu ina yambiri, umaphunzitsa mwana kuti polankhula ndi wamkulu agwade, azyolike, ndipo atsitse mawu. Kumuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano. Mayi akabwera ndi nkhani kwa bambo waudindo amakhala pansi chapatali, nkhope atayang'ana kumbali, n'kumalankhula motsitsa, kapena atagwira nsalu pakamwa. Ndi mwambo wokongola. Koma munthu wofooka makutu amamvera m'maso, poona milomo ndi nkhope ya wolankhulayo. Motero amene ankamulemekeza kwambiri mphunzitsiyu ndi amene iye ankawamva pang'ono kwambiri.

Tsiku la phula lidafika m'nyengo yachisanu, kutatsala masabata ochepa kuti mayeso a Sitandade 8 alembedwe. Lidali Lolemba. M'kalasi ya Sitandade 8 mudali mtsikana wina, mwana wa tenanti wochokera ku Mulanje, amene pa masamu padalibe womuposa. Adali atajomba masiku angapo. Cha m'ma 10 koloko mayi ake adafika pakhomo la ofesi.

"Odi, a hedi."

"Lowani, mayi. Khalani pampandopo."

Mayiwo adakana mpando, nakhala pansi pafupi ndi chitseko, nkhope atayang'ana kukhoma. Kunja ana a Sitandade 2 ankaimba matebulo, ndipo pakhonde padali makolo ena akudikira. Mayi aja adafotokoza motsitsa kuti bwana wawalipira, ndipo chaka chamawa sakuwafunanso. Lole yowabwezera kwawo idali itakonzedwa kale. Adapempha kuti ngati n'kotheka mwanayo atsale ndi munthu wokhulupirika kufikira atalemba mayeso, pakuti iwo kuno adalibe mbale.

Mphunzitsi wamkulu adaimva nkhaniyo m'zidutswa, atawapempha mayiwo kawiri kuti abwereze. Kenaka adafunsa kuti loleyo ibwera liti. Mayiwo adayankha ndi liwu limodzi.

Owerenga ayese kutchula mawu awiriwa pang'onopang'ono: Lachitatu, Lachisanu. Malembo a liwu ndi amodzimodzi, a, i, a, u. Chosiyanitsa ndi timalembo tija timene khutu lofooka limayamba kutaya. Iye adamva mutu wa liwulo ndi mchira wake, pakati pali bowo. Mumtima adakayika. Koma adali atafunsa kale kawiri, makolo a pakhonde ankasuzumira, ndipo kufunsa kachitatu kudamuchititsa manyazi. Adasankha yekha kuti ndi Lachisanu.

"Musade nkhawa, mayi. Mwanayo akhala ndi mmodzi wa aphunzitsi aakazi. Ndibwera ndekha kudzamutenga lole isanafike."

Mayiwo adaomba m'manja katatu, natuluka chobwerera m'mbuyo.

Lachiwiri adakambirana ndi mphunzitsi wamkazi, amene adavomera ndi mtima wonse, nakonza mphasa ndi bulangete. Lachitatu adapita ku boma ku msonkhano wa aphunzitsi akuluakulu. Lachinayi masana adakwera njinga kupita ku esiteti ija, akudziyamikira kuti wafulumira ndi tsiku lathunthu. Adapeza tinyumba ta matenanti tili pululu, zitseko zaudzu zili chotsegula, phulusa la pamafuwa litazizira. Mlonda wachikulire adatuluka kuseli kwa chigafa.

"Anapita dzulo m'mawa, aphunzitsi. Mayi aja anakudikirani. Anapempha dalaivala kuti aime kaye pang'ono. Mwanayo anali atamanga kamtolo kake padera, atakhala apo pachitsapo, akuyang'ana kunjira. Dzuwa litakwera bambo ake anati mabwana onse ndi amodzi, n'kumukweza."

Mlondayo adalankhula mokweza, atamuyang'ana kumaso, ndipo liwu lililonse lidamveka.

Mphunzitsiyo adalemba makalata awiri, ina kwa nyakwawa ya mudzi umene udalembedwa m'kaundula, ina kudzera ku mpingo. Yankho silidabwere. Tsiku la mayeso desiki ya mtsikanayo idakhala yopanda munthu, nambala yake italembedwa ndi choko pakona. Ku boma palibe adafunsa, pakuti ana a matenanti kusowa pa mayeso sichidali chachilendo. Mlandu wonse udali pakati pa iye ndi mtima wake.

Amene adamutsina khutu adali munthu wosaphunzira. Loweruka lina, posafuna kukhala panyumba, adanyamula yekha thumba la chimanga panjinga kupita kuchigayo cha dizilo cha pamsika. Wogayitsa adali bambo amene adagwira ntchitoyo zaka pafupifupi 20, nsidze zake zili mbuu ndi ufa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti samva. Poyembekezera, mphunzitsiyo adaona chinthu chimene adali asanachilabadirepo. M'chigayo muja mudalibe wofuula. Mayi aliyense ankaima patsogolo pa bamboyo, n'kukweza zala zosonyeza ndowa zimene wabweretsa, n'kuloza ngati akufuna mgaiwa kapena wabwera ndi mphale. Bamboyo ankabwereza chizindikirocho, mayiyo n'kugwedeza mutu, ndipo mpamene ndalama zinkaperekedwa. Nthawi ndi nthawi ankaika chikhatho pachitsulo cha injini. Lamba akayamba kuterereka kapena nyundo ikakhwepa, iye ankadziwira m'dzanja ndi m'mapazi anthu akumva asanazindikire kanthu.

Injini itazimitsidwa masana, awiriwo adakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Aphunzitsi, khutu lanu labwino ndi liti, lamanja kapena lamanzere?"

"Mukutanthauzanji, achimwene?"

"Ndimakuonani kutchalitchi. Mumapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Mumaseka anthu atamaliza kale kuseka. Inenso ndinayamba choncho. Za ine mudzi wonse ukudziwa, ndiye amandithandiza. Za inunso akudziwa, koma akuopa kukuthandizani chifukwa simunawauze."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Chinsinsi chimene adachisenza zaka zonsezo chidali chinsinsi kwa iye yekha.

Bambo wa kuchigayoyo makutu ake adadyedwa ndi phokoso. Akatswiri amayesa phokoso m'madesibelo, ndipo amati munthu wokhala maola 8 tsiku lililonse m'phokoso lofika madesibelo 85 makutu ake ali pangozi. Phokosolo likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yoti munthu akhalemo bwinobwino imadulidwa pakati. Chigayo chimadutsa muyeso umenewu, ndipo oyendetsa mathalakitala, oyang'anira majenereta ndi ocheka matabwa ndi makina ali pangozi yomweyo. Pali njira yapafupi yodziwira popanda makina: ngati munthu ayenera kufuula kuti amvane ndi mnzake amene waima patali ngati kutalika kwa mkono, phokosolo ndi lowononga. Zotsekera m'makutu zopangidwira ntchitoyi zimateteza, koma bambo uja sadaziwonepo m'zaka zake zonse za kuchigayo.

Lolemba lotsatira mphunzitsi wamkulu adaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi onse. Sadakhale pampando. Adati, "Aphunzitsi anzanga, makutu anga anafooka kalekale. Zambiri zimene mwakhala mukundiuza ndakhala ndikuvomera ndisanazimve. Mwana mmodzi wataya mayeso chifukwa cha manyazi anga. Ndikupempha thandizo lanu." M'chipindamo mudati zii. Kenaka wachiwiri wake adadzuka, nabwera kudzaima patsogolo pake penipeni, nati, "Timadziwa, a hedi. Timangosowa poyambira."

Zimene adasintha pasukulu ija zidali zing'onozing'ono, ndipo palibe chimene chidafuna ndalama. Tebulo la mu ofesi adalitembenuza kuti kuwala kwa pawindo kuzigwera pankhope ya mlendo. Kalasi ya pansi pa mtengo wa kuseli kwa ofesi adaisamutsira ku mtengo wa kubwalo la mpira. Pamisonkhano aphunzitsi adayamba kukhala mozungulira, wofuna kulankhula n'kumakweza dzanja kuti mkuluyo adziwe nkhope yoti ayang'ane, ndipo awiri sankalankhula nthawi imodzi. Patebulo adaikapo kope ndi pensulo. Tsiku lililonse lopangana, chiwerengero chilichonse cha ndalama kapena cha ana, dzina lililonse lachilendo, zinkalembedwa. Kwa makolo osadziwa kulemba adatengera nzeru ya kuchigayo. Mayina ambiri a masiku m'Chichewa ndi manambala kale: Lachitatu ndi zala zitatu, Lachisanu ndi dzanja lonse. Kuyambira pamenepo sadalolenso kuti munthu atuluke mu ofesi iye asanabwereze zimene wamva: "Mwati lole ibwera Lachitatu, zala zitatu izi. Ndamva bwino kodi?"

Kubwereza kumeneku sikudali kwachilendo kwa anthu a m'midzi. Pabwalo la milandu, pamaliro ndi pachinkhoswe, munthu salankhula molunjika kwa mfumu. Amapereka mawu kwa nduna kapena kwa nkhoswe, ameneyo n'kuwabwereza momveka, n'kuwapititsa patsogolo, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo. Ana amasiku ano amaona ngati ndi kutaya nthawi. Koma makolo ankadziwa kuti mawu omveka kamodzi kokha ndi osadalirika, ndiponso kuti pakati pa akuluakulu okhala pabwalo sipalephera ena a makutu ofooka. Pamwambo umenewu nkhalamba imamva nkhani kawiri popanda kupempha, ndipo palibe amene amachita manyazi. Mphunzitsi wamkulu adangobweretsa mwambo wa pabwalo mu ofesi. Pa nkhani zikuluzikulu, monga milandu ya makolo kapena kubwera kwa oyendera sukulu, wachiwiri wake ankakhala kumbali ya khutu labwino ngati nduna. Mutu umodzi susenza denga.

Chovuta kwambiri chidali kusintha ulemu. Kwa ana ndi kwa amayi adayenera kunena mobwerezabwereza kuti, "Ulemu umene ndikuufuna ine ndi wakuti mundiyang'ane." Amayi ena ankaseka mwamanyazi n'kubisa nkhope koposa kale. Adapeza njira yapakati: mayi azikhalabe pansi monga mwa mwambo, koma pafupi, ndipo iye ankatsika pampando wake n'kukhala pa kampando kafupi kuti nkhope zilingane. Ana adazolowera msanga. M'kalasi, mwana akafuna kuyankha, mphunzitsiyo ankayenda kufika pamene wakhala. Phunziro la lembetso ndi la kuwerenga mokweza adasiyira ena, iye natenga masamu a makalasi aakulu, kumene yankho limalembedwa pabolodi.

Sikuti zonse zidayenda myaa. Padali mphunzitsi wina wachinyamata amene ankalankhula zachipongwe atatembenukira kumbali, anzake n'kumaseka. Ena, pofuna kuthandiza, ankamukuwira m'khutu ngati akuitana ng'ombe kudambo, osadziwa kuti kufuula kumapotoza mawu ndipo kumapweteka khutu lodwala. Ku misonkhano ya ku boma ankafika m'mawa kuti apeze mpando wa kutsogolo, komabe zambiri zinkamudutsa, ndipo pobwerera ankakopera zolemba za mnzake ngati mwana wa sukulu. Koma pa zaka zonse zimene zidamutsalira pantchito sadavomerenso kanthu asanakamve.

Chilema chake chidamutsegula maso pa ana ena. Adakumbukira ndi chisoni anyamata amene adawapatsapo chibalo chokumba dzenje m'zaka zam'mbuyo chifukwa chakuti ankaitanidwa osayankha. Adayamba kuyendera makalasi ndi kuyang'ana m'makutu. Adapeza ana angapo otuluka mafinya m'khutu, ena atatsekamo thonje kapena kansanza, onse atakhala kumbuyo kwenikweni kumene mwana wotchedwa mbuli amathawira. Nthenda imeneyi ikalekereredwa imaboola mwinikhutu, koma ikafulumiziridwa imachizika. Adawakhazika kutsogolo, nalembera makolo awo kuti apite nawo kuchipatala, nawachenjeza kuti asamathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba, kapena kutokosamo ndi nthenga ndi machesi. Mwana wina amene sankamva n'komwe adamuthandiza kupeza malo ku sukulu ya ana osamva ya ku Embangweni, m'boma loyandikana nalo la Mzimba. Sukulu zina zotere zili ku Mua m'boma la Dedza ndi ku Maryview, ku Nguludi.

Kuchokera nthawi imeneyo zambiri zasintha. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limalamula olemba ntchito kuteteza thanzi la antchito awo. Lamulo la 2012 la anthu aulumali lidaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha chilema, ndipo mu 2024 lidalowedwa m'malo ndi lina latsopano. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti m'malamulo a ntchito, ndipo chaka chomwecho mudatuluka buku lotanthauzira chinenero chamanja cha ku Malawi, ntchito imene bungwe la anthu osamva la MANAD lidaimenyera nthawi yaitali. Lipoti la bungwe la WHO la 2021 lidati anthu oposa 1.5 biliyoni pa dziko lapansi ali ndi vuto la kumva, ndipo mwa iwo 430 miliyoni vuto lawo ndi lalikulu lofunika chithandizo. Tsiku la 3 Malichi chaka chilichonse ndi lokumbutsana za makutu. Komabe lamulo silingathandize munthu amene akukana kuti ali ndi vuto, ndipo m'zigayo zambiri za m'midzi anyamata akugayabe makutu ali pamtunda.

Mkulu uja adayezetsa makutu ake koyamba atapuma kale ntchito. Ana ake adamutengera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ku chipatala cha makutu cha ku African Bible College. Ku Blantyre chithandizo chotere chimapezeka pa chipatala cha Queen Elizabeth. Adamuveka timakina tothandiza kumva. Chimene adayamba kumva ndi kukwekwesa kwa nsapato zake pasimenti, kenaka mpheta padenga, kenaka lembo s m'mawu a mkazi wake, limene lidamusowa zaka zoposa 20. Timakinato sitibwezera khutu lakale. Timafuna mabatire, timadana ndi thukuta ndi fumbi, ndipo pamaliro kapena pamsika timakweza phokoso lonse pamodzi. Ngakhale atativala, mkuluyo amayang'anabe milomo ndipo amabwerezabe zimene wamva.

Inu adzukulu amene muli ndi agogo, kapena mnzanu wa kuntchito, wofooka makutu, sungani izi. Musamulankhulire muli kuseli kapena m'chipinda china. Yambani mwamukhudza paphewa kapena kumukodola kuti akuoneni. Imani pamene kuwala kukugwera pankhope panu, chotsani dzanja pakamwa, tsitsani wailesi, ndipo lankhulani modekha ndi momveka popanda kufuula. Akalephera kumva liwu, musalibwereze lomwelo kasanu. Nenani ndi mawu ena. Tsiku, nthawi ndi ndalama lembani, papepala kapena pa foni. Koposa zonse musanene kuti "basi, zilibe kanthu" akakufunsani chimene anthu akuseka, pakuti mawu amenewo amamutulutsa munthu panja iye ali m'nyumba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo inu amene mwayamba kukweza wailesi, kupendeketsa mutu ndi kuseka mochedwa, dziwani kuti anzanu adaona kale, akungodikira kuti muwapatse poyambira.

Mtsikana wa ku Mulanje uja, ngati ali moyo, tsopano ndi mayi wa zaka zoposa 40. Mkulu uja sadziwa ngati adabwereranso kusukulu. Amasungabe kope loyamba lija la patebulo, masamba ake atachita chikasu. Adzukulu ake akamuuza tsiku limene adzabwere kudzamuona, iye amawagwira dzanja, amawayang'ana pakamwa, n'kukweza zala zake kuti awerengere limodzi.